Dontho la kukhutu kwa Zilekeni

Galu wathu Zilekeni sankadziwa kusiya chakudya. Dzinalo anam'patsa ndi mayi anga, ndipo amene anakulira kumudzi akudziwa kuti dzina la galu silikhala la galuyo, limakhala uthenga wopita kwa anansi. Mwiniwake analibe nawo ntchito uthengawo. Chake chinali mkute wothira msuzi wa bonya, ndipo mbale ankainyambita mpaka kuikankhira kumpanda. Ndiye tsiku limene anangoinunkhiza mbaleyo n'kubwerera kukagona pansi pa mtengo wa mango, tinayang'anizana m'nyumba monse.

M'mawa mwake anadzuka mochedwa, akuyenda ngati wasenza thumba la chimanga. Makutu anali otentha. Chimene chinandiopsa ndi mkodzo: atakodza pasimenti, unali wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka amene wakhalitsa pamoto.

Galu akadwala kwathu kuno, madokotala amachuluka. Mlonda wa nyumba yoyandikana nafe sanachedwe: "Bwana, ameneyu am'ponyera tameki. Akuba akufuna alowe." Mayi wina wogulitsa tomato pamsewu anati ndi malungo, tim'patse LA wotsala wa mwana. Alamu anga anati ndi njoka zam'mimba. Kenako panatulukira bambo wina amene amayenda panjinga n'kumabaya ng'ombe ndi mbuzi za anthu m'midzi yozungulira. Iye anangomuyang'anira patali galuyo, n'kusolola kapaketi ka ufa wachikasu m'chikwama. Aliyense anali ndi mankhwala m'manja, koma palibe amene anafunsa kuti m'magazi mwa galuyo muli chiyani.

Kapaketi kameneko ndinkakadziwa, chifukwa zaka zingapo m'mbuyomo kanatiphera galu wina. Nkhani yake ndiifika. Tsikulo ndinakana mwaulemu, ndinayala thumba kumbuyo kwa galimoto ya mnzanga, ulendo kwa dokotala wa ziweto.

Dokotalayo anali mayi wosalankhula zambiri. Anayamba n'kutukula mlomo wa galu. Nkhama za galu wabwinobwino zimakhala ngati mkati mwa gwafa wakupsa. Za Zilekeni zinali zoyera ngati pepala, ndi kachikasu m'mbali. Kutentha kwa thupi kunapitirira madigiri 40, pamene galu wopanda vuto amakhala pakati pa 38 ndi 39. Atatero anagwira nsonga ya khutu, n'kuipukuta, n'kuiboola pang'ono ndi singano. Anafinya dontho limodzi lokha, loyamba kutuluka, n'kuligunditsa pakagalasi. Ndi kagalasi kena analikoka dontholo kamodzi, mwachangu, ngati mmene amayi amakokera chipande pamwamba pa nsima, magazi n'kuyalika mopyapyala. Anakaumitsa pokupiza m'mwamba, anakaviika m'timabotolo titatu ta utoto motsatizana, anadonthezapo kamafuta, n'kukhala pansi pa maikulosikopu. Sanatenge mphindi zisanu.

"Bwerani muone, bambo."

Ndinatseka diso limodzi ngati mlenje. Poyamba sindinaone kanthu koma kuwala. Kenako panaoneka timbale tambirimbiri tozungulira, totuwa mofiirira: maselo ofiira a magazi. M'kati mwa ena munali tinthu tiwiritiwiri tobiriwira, tooneka ngati nthanga ziwiri za maungu zogundana kunsonga. Dokotala anati dzina lake ndi Babesia, ndipo anabwera nato ndi nkhupakupa.

Ndinafunsa chifukwa chimene anatengera magazi kukhutu, osati pamtsempha wa mwendo monga ndinkayembekezera. Yankho lake linali losavuta. Maselo amene agwidwa ndi kachilomboka amachedwa m'timitsempha ting'onoting'ono ta kumapeto kwa thupi, monga kunsonga ya khutu, mofanana ndi mmene zinyalala zimaunjikirana pamene madzi a mtsinje akuyenda pang'onopang'ono. Dontho loyamba la kumeneko limakhala ndi tizilombo tambiri kuposa sirinji yodzadza ya pamwendo. Ndipo pakagalasipo, woyeza wodziwa ntchito amayang'ana kwambiri kumapeto kwa mzere wa magazi, kumene maselo amwazikana limodzilimodzi.

Kachilomboka kali ndi mbiri yaitali kuposa mmene ndinkaganizira. Dzina lake linachokera kwa Victor Babeș, katswiri wa ku Romania amene mu 1888 anakaona m'magazi a ng'ombe zokodza magazi. Mu 1893, Theobald Smith ndi Fred Kilborne a ku America anasonyeza kuti matenda a mtundu umenewu mu ng'ombe za ku Texas amafalitsidwa ndi nkhupakupa, ndipo imeneyi inali nthawi yoyamba kuti anthu atsimikize kuti kanyama koyamwa magazi kangasamutse matenda otere. Za udzudzu ndi malungo zinatsimikizika pambuyo pake. Mu 1895 anakapeza mwa agalu ku Italy. Mtundu umene umapha agalu kwambiri kumwera kwa Africa, Babesia rossi, George Nuttall anaufotokoza mu 1910 atauona m'magazi a nkhandwe ya kum'mawa kwa Africa. Nkhandwe zinazolowerana nako kalekale, zimayenda nako osadwala. Galu ndiye mlendo, ndipo mlendo ndi amene amaphedwa ndi madzi a pamudzi.

Ku South Africa matendawa amawatchula kuti biliary, potengera chikasu chimene amabweretsa. Pachipatala cha ziweto cha Onderstepoort, kumpoto kwa Pretoria, cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pafupifupi galu mmodzi mwa agalu 10 aliwonse obwera akudwala ankapezeka nawo. Palinso mtundu wina wofatsirapo, Babesia vogeli, umene umayenda ndi nkhupakupa yofiirira ya m'makola ndi m'ming'alu ya zipupa, ndipo nthawi zambiri umavutitsa ana agalu. Pamaikulosikopu mitundu iwiriyi imaoneka chimodzimodzi.

Mayi wa tomato uja sanaphonye kwambiri. Babesia ndi msuweni wa kachilombo ka malungo: tonse timalowa m'maselo ofiira, timaswana m'menemo, n'kuwaphulitsa. Thupi nalo, pofuna kudziteteza, limayamba kuwononga ngakhale maselo abwino. Zotsalira za maselo ophulikawo ndi zimene zimafiiritsa mkodzo ndi kuchititsa chikasu. Kapamba amatupa, impso ndi chiwindi zimalemedwa. Koma galu sadwala malungo a anthu, ndipo LA sakanachita kanthu. Mankhwala ena a m'kabati mwathu, monga Brufen, amaboola m'mimba mwa galu ndi kumuononga impso.

Kupeza kachilombo sikunali kutha kwa ntchito. Dokotala anatenganso magazi pang'ono pamwendo, n'kuwalowetsa m'kachubu kagalasi kochepa ngati udzu wouma, n'kukazunguza m'makina kwa mphindi zisanu. Magaziwo anagawikana: ofiira pansi, madzi achikasu pamwamba. Muyeso umenewu amautcha PCV, ndipo umanena kuti pa magawo 100 a magazi, ndi angati ali maselo ofiira. Galu wathanzi amakhala pakati pa 37 ndi 55. Zilekeni anali pa 19. Akanatsika kufika cha m'ma 15 kapena kucheperapo, nkhani ikanakhala yofuna galu wina wamkulu woti apereke magazi, chifukwa agalu nawo amathiridwa magazi ndipo ali ndi magulu awoawo a magazi. Kachubu kameneka n'kotchipa, koma ndi kamene kamauza dokotala ngati galu angabwerere kunyumba kapena agonekedwe.

Kenako anamukweza pasikelo. Apa m'pamene nkhani ya kapaketi kachikasu ikulowera.

Ufa wachikasuwo ndi diminazene, amene alimi ambiri amamudziwa ndi dzina la Berenil. Ndi mankhwala abwino, apulumutsa ng'ombe zosawerengeka mu Africa muno, ndipo ndi omwewo amene dokotala anabaya Zilekeni. Kusiyana kwake kuli pa muyeso. Mlingo wake ndi mamiligalamu 3.5 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwa chiweto, ndipo kapaketi kakang'ono kamene kamagulitsidwa m'masitolo a zaulimi anakakonzera ng'ombe ya makilogalamu 300. Galu wa makilogalamu 15 amafunika gawo limodzi mwa magawo 20 a kapaketiko. Ng'ombe imapirira ukapyoza pang'ono, galu sapirira. Mankhwalawa amakhalitsa m'thupi mwake, ndipo akachuluka, kapena akabwerezedwa masiku ochepa chabe atabayidwa koyamba, amakaononga ubongo.

Galu wathu woyamba uja anafa choncho. Anasiya kudya, munthu wina wodziwika m'dera lathu kuti "amadziwa za ziweto" anam'baya moyerekeza ndi maso, ndipo m'mawa mwake, poona kuti sanadzuke, anam'bayanso. Patatha masiku awiri galuyo anayamba kudzandira, kugubuduzika pansi, miyendo itauma gwa, maso akuvinavina. Anthu anathawa n'kumakuwa kuti chiwewe. Mpaka lero sindidziwa chimene chinamudwalitsa poyamba, chifukwa palibe anayang'ana magazi ake. Chimene chinamumaliza ndicho ndikuchidziwa. Sindimusungira chakukhosi munthuyo. Ndinamuitana ndine, ndinam'gwirira galuyo ndine, ndipo ndinamulipira.

Pano ndinene za chiwewe, poti ambiri amasokoneza. Palibe dontho la magazi limene lingakuuzeni kuti galu wamoyo ali ndi chiwewe kapena ayi. Chimatsimikizika poyeza ubongo galu atafa. Galu amene wasintha khalidwe mwadzidzidzi, akutuluka dovu, akuluma chilichonse, si woti mum'tukule mlomo n'kumasuzumira nkhama. Ndipo amene walumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, n'kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo.

Chimene chimavuta pa matenda a m'magazi a agalu n'chakuti kunja amavala malaya amodzi. Kutentha thupi, kufooka, kukana chakudya, nkhama zoyera: zizindikiro zimenezi zikhoza kuchokera ku adani anayi kapena asanu osiyana, aliyense ndi mankhwala ake.

Mmodzi mwa iwo ndi Ehrlichia canis. Kwenikweni ameneyu ndi bakiteriya, koma amakwera basi yomweyo ya nkhupakupa yofiirira, ndipo si zachilendo kumupeza mwa galu mmodzi pamodzi ndi Babesia. Anapezeka koyamba ku Algeria mu 1935, ndipo anatchuka pa nkhondo ya ku Vietnam, kumene anapha agalu ambiri a asilikali a America, makamaka a mtundu wa German Shepherd, womwewu umene anthu amaugula modula m'matauni mwathu kuti uzilondera. Iye salowa m'maselo ofiira koma oyera, ndipo amagwetsa chiwerengero cha timaselo tothandiza magazi kuundana. N'chifukwa chake galu wake amatha kuchita kamfuno wosasiya, kapena kukhala ndi timadontho tofiira pankhama ndi pamimba. Akakhalitsa amakafooketsa mafuta a m'mafupa, kumene magazi amapangidwa, ndipo pamenepo kuchira kumavuta. Diminazene samukhudza n'komwe. Amafuna doxycycline tsiku ndi tsiku kwa masiku 28, ndipo eni agalu ambiri amasiyira panjira galu akangoyamba kugwedeza mchira.

Ehrlichia ndi wobisala. Pakagalasi amaoneka mwa apo ndi apo, ndipo woyeza akhoza kuyang'ana mpaka maso kuwawa osamuona. Apa ndi pamene timapulasitiki toyezera mwachangu timathandiza. Aliyense amene anabayidwapo chala poyezetsa malungo akudziwa maonekedwe ake. Kodziwika kwambiri m'zipatala za agalu ndi SNAP 4Dx, kopangidwa ndi kampani ya IDEXX ya ku Maine m'dziko la America: madontho ochepa a magazi, mphindi 8, timadontho tobiriwira n'kutulukira.

Koma kapulasitikika kamafunika kukamvetsa. Pa Ehrlichia sikaona kachilombo kenikeniko. Kamaona asilikali amene thupi lapanga polimbana nako. Ndi mapazi pamchenga: amakuuza kuti wakuba anadutsa, osati kuti akadali m'nyumba. Galu amene anachira miyezi ingapo yapitayo akhoza kuonetsabe dontho, pamene amene wangogwidwa masiku apitawa akhoza kuoneka woyera chifukwa asilikaliwo sanapangike. Ndipo taonani matenda anayi amene kamafufuza: nyongolotsi za mumtima, Ehrlichia, Anaplasma, ndi matenda a Lyme, amene dzina lawo linachokera ku tauni ya ku Connecticut ndipo ndi vuto la nkhalango za ku North America ndi ku Europe. Babesia mulibe. Kaodzera mulibe. Anakapanga poganizira agalu a kwawo, ndipo sindiwadzudzula. Chimene ndikudandaula ndi chizolowezi chathu chokhulupirira chinthu chifukwa chabwera m'katoni yosindikizidwa bwino. Zilekeni akanayezedwa ndi kapulasitiki kokhako, tikanauzidwa kuti alibe kanthu.

Mdani wachiwiri, kaodzera uja, ndi wa kwathu kwenikweni, ndipo mbiri yake inadutsa m'thupi la galu. Mu 1894 dokotala wa asilikali a Britain, David Bruce, anatumizidwa ku Ubombo m'dziko la Azulu kukafufuza nagana, matenda amene ankamaliza ng'ombe. Iye ndi mkazi wake Mary, amene anali katswiri pa maikulosikopu, anaona tizilombo tosambira m'magazi a ng'ombe zodwala. Atabaya magaziwo mwa agalu, agaluwo anadwala kwambiri, magazi awo atadzadza tizilomboto. Anasonyezanso kuti ntchentche ya kashembe ndiyo imatitenga ku nyama zakutchire. Galu wina wogwidwa ndi matendawa anatumizidwa ku England, ndipo kuchokera ku tizilombo timene anapita nato, mu 1899 akatswiri anapereka dzina lakuti Trypanosoma brucei. Mu 1910 mtundu wake wogwira anthu, rhodesiense, unazindikirika mwa munthu amene anautenga m'chigwa cha Luangwa. Bruce yemweyo anadzabwera ku Nyasaland kudzatsogolera kafukufuku wa kaodzera nkhondo yoyamba ya dziko lonse isanayambe.

Kashembe akadalipo ku Vwaza, ku Nkhotakota, ku Kasungu ndi kutsidya ku Luangwa. Galu wa mlenje amene amalowa m'tchire amalumidwa, ndipo akhoza kutenganso tizilomboti podya nyama yaiwisi ya mbawala kapena njiri yongophedwa kumene. Zizindikiro zake zikafika pachimake n'zosaiwalika: nkhope ndi khosi zimatupa, galu amaonda ngakhale akudya, ndipo maso amachita mtambo wotuwa mobiriwira ngati galasi lopumirapo mpweya. Wosalandira chithandizo amatha kufa m'masabata ochepa.

Kayezedwe kake n'kosiyana pang'ono. Dontho laliwisi likaikidwa pakagalasi osathira utoto, tizilomboti timaoneka tamoyo, tikupirikita pakati pa maselo ngati timilamba m'dziwe lophwa, maselowo akugwedezeka. Koma chiwerengero chake m'magazi chimakwera ndi kutsika ngati mafunde a panyanja. Kachilomboka kamasintha chovala chake chakunja: thupi likangophunzira kukazindikira n'kupha ambiri, otsala amavala china n'kuswananso. Amene wayeza tsiku limene funde latsika sapeza kanthu. N'chifukwa chake odziwa amabwereza mawa lake, kapena amagwiritsa ntchito kachubu ka PCV kaja: akazunguza, tizilomboti timasonkhana pa kamzere koyera ka pakati pa maselo ofiira ndi madzi, ndipo amayang'ana pamenepo. Njira imeneyi inafotokozedwa ndi Patrick Woo cha mu 1970. Kuona maso a nkhono n'kudekha, anatero akale, ndipo sindidziwa ntchito ina imene mwambiwu umaikwana kuposa imeneyi.

Apa nkhani ya galu imasanduka ya anthu. Mu 2014 akatswiri a ku University of Zambia ndi anzawo anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa agalu a m'midzi oposa 200 m'boma la Mambwe, m'chigwa cha Luangwa. Anayeza ndi maikulosikopu komanso ndi njira yofufuza chibadwa cha kachilombo yotchedwa LAMP. Njira yachiwiriyi inapeza agalu ambiri ogwidwa kuposa yoyamba, ndipo ena mwa iwo anali ndi rhodesiense, wa anthu uja. Galu sapatsira munthu kaodzera pomunyambita kapena kugona naye khonde limodzi. Wonyamula ndi kashembe. Koma galu amayenda njira zomwe mbuye wake amayenda, kumunda, kokatola nkhuni, kumtsinje. Akadwala kaodzera ndiye kuti ntchentche ya m'njira imeneyo ili ndi katundu. Chipatala cha boma cha Rumphi chakhala chikulandira odwala kaodzera ochokera kufupi ndi Vwaza, ndipo ndi amodzi mwa malo amene anayesererako mankhwala akumwa a fexinidazole, amene bungwe loona za mankhwala ku Europe linawavomereza pa kaodzera wa mtundu umenewu mu December 2023. Kwa anthu, kaodzera poyamba amafanana ndi malungo, ndipo kuchedwa kumuzindikira n'kumene kumapha. Galu wa maso amtambo m'mudzi wa m'mphepete mwa nkhalango ndi nkhani yofunika kuti a zaumoyo aimve, osati a zaziweto okha.

Za nyongolotsi za mumtima sinditaya nthawi yambiri, chifukwa kuno kumtunda sizimveka ngati kumadera otentha a m'mphepete mwa nyanja ya mchere ku Mozambique, Tanzania ndi Kenya. Zimafalitsidwa ndi udzudzu, zimakula kwa miyezi 6 kapena 7, ndipo yaikazi imatha kufika masentimita 30 m'mitsempha ya pakati pa mtima ndi mapapo. Ana ake amasambira m'magazi ndipo amaoneka pamaikulosikopu. Msampha wake ndi wakuti pali nyongolotsi ina yopanda vuto, yofalitsidwa ndi nthata, imene ana ake amafanana nawo kwambiri. Wopupuluma akhoza kum'patsa galu mankhwala oopsa pa chinthu chosafunika mankhwala. Pamenepa kapulasitiki kaja kamagwira bwino ntchito, chifukwa kamaona zotuluka m'thupi la nyongolotsi yaikulu yeniyeniyo. Komabe sikaona kanthu m'miyezi yoyambirira, nyongolotsiyo isanakule.

Pamwamba pa zonsezi pali PCR, dzina limene mliri wa COVID-19 unatiphunzitsa tonse. Njira imeneyi imachulukitsa kachidutswa ka chibadwa cha kachilombo mpaka kaoneke, motero imapeza ngakhale tizilombo tochepa kwambiri, ndipo imatha kusiyanitsa rossi ndi vogeli, kapena kaodzera wa ziweto ndi wa anthu. Ndi chida chabwino pa kafukufuku, pa galu amene matenda ake akubwererabwerera, pa galu wopereka magazi, ndiponso pa amene akutuluka m'dziko, poti maiko ena, monga South Africa, amafuna zikalata za kuyezedwa magazi kwa agalu ochokera kumaiko ambiri asanawalowetse. Koma imafuna labotale, magetsi osazimazima, ndalama ndi masiku. Galu amene PCV yake ili pa 19 alibe masiku.

Maganizo anga ndi akuti chimene tikusowa kwambiri si makina atsopano. M'zipatala zathu za anthu muli akatswiri a m'labotale amene amazindikira kachilombo ka malungo pakagalasi tsiku ndi tsiku, ndi utoto wa Giemsa umene unapangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Luso lake ndi lomwelo. Maikulosikopu imodzi, timagalasi, utoto ndi kamakina kozunguzira pa ofesi ya alangizi a ziweto zingathandize galu, ng'ombe ndi mbuzi nthawi imodzi, popeza Babesia, kaodzera ndi chigodola cha ng'ombe zonse zimafufuzidwa ndi zida zomwezo. Tili ndi labotale yaikulu ya boma ya za ziweto ku Lilongwe, ku Bunda pa LUANAR akuphunzitsa madokotala a ziweto, ndipo mabungwe osamalira nyama a LSPCA ku Lilongwe ndi BSPCA ku Blantyre ali ndi zipatala. Koma galu wa ku Mwazisi kapena ku Malomo ali kutali ndi zonsezi.

Ena amati Mmalawi sangavutike ndi galu, kuti kwathu galu ndi wongoponyera mkute. Ine ndimakayika. Mu 2015, pamene bungwe la Mission Rabies linayamba katemera wa chiwewe mumzinda wa Blantyre, agalu oposa 35,000 anabayidwa m'masiku 20. Ambiri anabwera nawo ndi ana, atawamanga ndi zingwe za sisalo, nsanza ndi mawaya, ena atawanyamula m'manja. Chithandizo chikafika pafupi, anthu amapita. Chikakhala kutali, amapita kwa bambo wa panjinga uja, amene amafika pakhomo ndipo amalola ngongole.

Dokotala anandiuza chinthu china chimene ndakhala ndikuuza aliyense. Choipa cha kubaya musanayeze si kupyoza muyeso kokha. Jekeseni ya diminazene imasesa tizilombo pakagalasi, moti galu akafika kuchipatala atabayidwa kale, woyeza amapeza magazi ochepa koma osadziwa chinawadya, ndipo sangabayenso popanda kuika ubongo wa galuyo pachiswe. Choncho ngati mwam'patsa kale kanthu, nenani. Palibe manyazi. Nenaninso kumene galuyo wayenda, ngati anapita nanu kunyanja kapena kumudzi wa kufupi ndi nkhalango, chifukwa zimenezi zimasintha chimene woyeza akufunafuna.

Zilekeni anabayidwa kamodzi, mlingo wowerengedwa ndi cholembera papepala. Tinauzidwa kuti tibwerere naye mawa lake kuti akaonenso PCV. Inatsika pang'ono kufika pa 18, kenako inayamba kukwera. Tsiku lachitatu anadya kachidutswa ka chiwindi chophika m'dzanja langa, mosafuna, ngati akundichitira chifundo. Tsiku lachisanu mbale inali kumpanda.

Nkhondo yotsala inali ya nkhupakupa. Babesia salowa nkhupakupa ikangoluma; imafunika kukhala ikuyamwa masiku awiri kapena atatu, choncho kuzichotsa msanga n'kothandiza kwambiri. Koma yaikazi imodzi yokhuta imaikira mazira masauzande, ndipo kachilomboka kamadutsa m'mazirawo kupita kwa ana. Titagwetsa matabwa a kakhola kake tinazipeza zitandandalika m'ming'alu ya njerwa mpaka kudenga. Tinamata ming'aluyo ndi simenti, tinatentha masaka amene ankagonera, ndipo mankhwala osambitsira tinagula amene analembedwa kuti ndi a agalu, n'kusungunula monga mwa malangizo, osati dibi wa ng'ombe wothira ndi maso kapena oilo wakuda wa galimoto amene ena amapaka.

Tsopano Loweruka lililonse madzulo mwana wanga wamkazi amakhala pakhonde ndi kachitini ka parafini. Amayamba m'makutu, n'kupita kukhosi, kukhwapa, n'kumalizira pakati pa zala, kumene timabisala tating'ono tofiira. Zilekeni amagona chagada, mwendo umodzi m'mwamba. Akamaliza, mwanayo amam'tukula mlomo, n'kukuwira m'nyumba kuti, "Adadi, gwafa!"